Wailesi zonyamulika za mphamvu yochepa: kagwiridwe kake ka ntchito, malamulo ndi phindu lake kum'mwera kwa Mzimba

Wailesi yolemera mopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, batire laling'ono ndi waya wa mamita 20 womangirira mu mtengo ndi zokwanira kuti munthu yemwe ali ku Engutwini m'boma la Mzimba alankhulane ndi mnzake ku Lilongwe, ku Johannesburg ngakhalenso ku Ulaya, popanda kudalira nsanja za lamya za m'manja, intaneti kapena magetsi a ESCOM.

Ntchitoyi amaichita ndi anthu omwe pa dziko lonse amatchedwa ma amateur kapena ma ham. Awa ndi anthu omwe ali ndi chiphaso cha boma chowaloleza kutumiza ndi kulandira mauthenga pa mafunde a wailesi, ndi cholinga chophunzira luso ndi kudziwana ndi anzawo a m'maiko ena, osati kuchita malonda.

Ambiri mwa iwo amakonda kunyamula zipangizo zawo n'kukagwirira ntchito panja: pa phiri, m'mphepete mwa nkhalango kapena pa bwalo la sukulu. Kaamba ka ichi, apolisi, alonda a nkhalango, akuluakulu a khonsolo ndi ogwira ntchito m'malire a dziko ndi omwe amayamba kukumana nawo. N'kofunika kuti adindowa adziwe chomwe chipangizochi chili, zomwe lamulo likunena, komanso phindu lomwe chingabweretse njira zina zofalitsira mauthenga zikaduka.

Wailesi yake ndi yotani

Wailesi ya amateur si nyumba youlutsira mawu monga MBC kapena mawailesi a m'madera. Siyiulutsa nyimbo, nkhani kapena zamalonda kwa anthu ambiri. Imalumikiza anthu awiri kapena kagulu ka anthu omwe onse ali ndi ziphaso, wina akamalankhula winayo n'kumamvetsera. Ndi yosiyananso ndi mawailesi a polisi ndi asilikali, chifukwa ili ndi zigawo zakezake za mafunde zomwe maiko adagwirizana.

Siteshoni ya amateur ya m'nyumba kawirikawiri imatulutsa mphamvu ya mawati 100. Wailesi zomwe tikunena pano zimatulutsa mawati 5 kapena kucheperapo potumiza zizindikiro za Morse, ndipo mawati osapitirira 10 potumiza mawu a pakamwa. Kagwiridwe ka ntchito kotere amakatcha QRP, dzina lochokera ku zidule zakale za wailesi za m'sitima za panyanja, momwe zilembo zitatuzi zinkatanthauza kuchepetsa mphamvu. Mawati 5 ndi mphamvu yofanana ndi yomwe babu laling'ono la m'nyumba la masiku ano limadya.

Mwa wailesi zotchuka za mtunduwu pali Yaesu FT-817 ya ku Japan, yomwe idatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 1.2, Elecraft KX2 ya ku America ya mu 2016, ndi Icom IC-705 ya mu 2020. Palinso zina zotchipa zomwe zimagulitsidwa zili zidutswazidutswa kuti wogula alumikize yekha, monga QCX ya kampani ya QRP Labs yomwe idayamba kugulitsidwa mu 2017. Zoterezi ndi zothandiza kwambiri pophunzitsa achinyamata za luso la zamagetsi.

Mmene mawati 5 amafikira kutali

Chinsinsi cha wailesizi chili m'mlengalenga. Pamwamba pa dziko, kuyambira makilomita pafupifupi 60 mpaka mazana angapo, pali chigawo cha mpweya chotchedwa ionosphere chomwe chimasinthidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Mafunde afupiafupi, a pakati pa 3 ndi 30 MHz, akafika m'chigawochi amapindika n'kubwerera pansi pa mtunda wautali kuchokera pomwe adachokera. Kudumpha kamodzi kokha kumatha kufika makilomita 3,000 kapena kuposerapo, ndipo mafunde amatha kudumpha kangapo.

Bungwe la International Telecommunication Union, ITU mwachidule, lidaika Africa ndi Ulaya m'chigawo choyamba cha dziko pa nkhani ya kagawidwe ka mafunde. M'chigawochi ma amateur ali ndi malo awo pa 7.0 mpaka 7.2 MHz, omwe amatchedwa mamita 40, pa 14.0 mpaka 14.35 MHz, mamita 20, pa 21.0 mpaka 21.45 MHz, mamita 15. Ndi pa 28.0 mpaka 29.7 MHz, mamita 10. Alinso ndi malo pa mamita 80, kuyambira 3.5 MHz.

Chigawo chilichonse chili ndi nthawi yake. Mamita 20, 15 ndi 10 ndi oyenera maulendo ataliatali masana ndi chakumadzulo, pamene mamita 40 ndi 80 amafika kutali usiku. Nyengo ya dzuwa nayonso imasintha zinthu, pakuti mphamvu yake imakwera ndi kutsika m'zaka pafupifupi 11. Nyengo ya nambala 25 idayamba mu Disembala 2019, ndipo mu Okutobala 2024 akatswiri a ku America adalengeza kuti idafika pachimake. Pamene ikutsika, mamita 10 ndi 15 amayamba kutsekeka kawirikawiri ndipo ntchito yambiri imasamukira ku mamita 20 ndi 40.

Kwa ogwira ntchito m'boma, njira yofunika kwambiri ndi yolankhulirana m'dziko mommuno. Waya akamangidwa mopingasa pafupi ndi nthaka, mamita 3 mpaka 5 kuchokera pansi, mafunde amapita molunjika kumwamba n'kubwerera ngati mvula pa dera lonse lozungulira, mpaka makilomita mazana angapo. Mapiri satchinga mafunde oterewa. Motero siteshoni yomwe ili m'chigwa kwa Khosolo itha kumveka ku Mzuzu, ku Lilongwe komwe ndi makilomita pafupifupi 230 mowongoka kuchokera pa tauni ya Mzimba, ngakhalenso ku Blantyre, makilomita pafupifupi 450. Masana njirayi imayenda bwino pa mamita 40, usiku pa mamita 80.

Kusiyana kwa mawati 5 ndi mawati 100 sikukula monga momwe manambala akuonetsera. Ngakhale mphamvu yachepa ka 20, kwa wolandira uthenga mawu amatsika ndi timizere tiwiri tokha pa timizere 9 ta geji ya wailesi yake. Pamene siteshoni yaikulu ikumveka bwino, yaing'ono imamvekanso, ingokhala yotsikirapo. Vuto limabwera mafunde akakhala ofooka kale kapena phokoso likachuluka.

N'chifukwa chake okonda QRP ambiri amagwiritsabe ntchito zizindikiro za Morse, zomwe zimamveka ngakhale pomwe mawu a pakamwa alephera. Ena amalumikiza wailesi ku kompyuta n'kugwiritsa ntchito njira ya FT8, yomwe idayamba mu 2017 ndipo adaikonza ndi Joe Taylor, katswiri wa sayansi yemwe adalandira mphotho ya Nobel mu 1993, pamodzi ndi Steve Franke. Njirayi imatumiza timauthenga tatifupi pa masekondi 15 alionse ndipo kompyuta imatha kutola uthenga womwe khutu la munthu silingamve n'komwe.

Ubwino wa malo a ku Mzimba

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, lokula kuposa masikweya kilomita 10,000, ndipo kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 900,000 kupatula a mumzinda wa Mzuzu. Tauni ya Mzimba ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,350 kuchokera pomwe pali nyanja ya mchere. Kum'mawa kwake kuli mapiri a Viphya, nkhalango ya paini ya Chikangawa, nkhalango ya Perekezi ndi damu la Luwawa, pamene kumadzulo kuli zigwa za mtsinje wa South Rukuru ndi malire a dziko la Zambia.

Kwa munthu wa wailesi ya mphamvu yochepa, chuma chachikulu cha maderawa ndi bata. M'matauni, mawaya a magetsi, machaja a lamya, ma TV ndi makina a sola zimatulutsa phokoso lomwe limakwirira mafunde ofooka. Kumidzi ndi m'mapiri phokosoli ndi lochepa, kotero kuti siteshoni ya kutali yomwe singamveke pakati pa Lilongwe imamveka bwino lomwe ku Luwawa kapena ku Perekezi. Mitengo italiitali nayo imagwira ntchito ya mlongoti kwaulere.

Malo okwera amathandizanso pa mafunde a 144 mpaka 146 MHz, omwe amagwiritsidwa ntchito ndi tiwailesi ta m'manja. Mafundewa sabwerera kuchokera m'mlengalenga. Amayenda molunjika monga kuwala. M'chigwa amafika makilomita ochepa chabe, koma pamwamba pa phiri amatha kufika makilomita makumi angapo.

Luso limeneli si lachilendo kum'mwera kwa Mzimba. Pa mishoni ya Embangweni, yomwe m'busa Donald Fraser adaikhazikitsa mu 1902 ndi dzina loti Loudon ndipo ili pansi pa Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, ma amateur ochokera ku America adagwira ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 2010 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, n'kuphunzitsako achinyamata a m'deralo. Siteshoni ya kalabu ya pa chipatala cha mishoniyi idadziwika kunja ndi dzina la pa wailesi loti 7Q7EMH.

Ma amateur a m'maiko ena amafunitsitsa kulankhulana ndi Malawi chifukwa masiteshoni a kuno ndi ochepa, ndipo dziko lililonse lomwe munthu walankhula nalo limawerengedwa pa mphotho monga DXCC ya bungwe la ARRL la ku America. Pofotokoza komwe ali, amagwiritsa ntchito mapu ogawidwa m'timabokosi: tauni ya Mzimba ili m'bokosi la KH68, pamene Embangweni ili mu KH67.

Kukonza siteshoni ya panja

Chipangizo chofunika kuposa wailesi yeniyeniyo ndi eriyo. Yosavuta kwambiri ndi waya wodulidwa pakati, mbali ziwirizo n'kulumikizidwa ku chingwe chopita ku wailesi. Kutalika kwa waya yense m'mamita kumapezeka pogawa 143 ndi nambala ya MHz. Pa 7.1 MHz wayayo amakhala wa mamita pafupifupi 20, ndipo pa 14.2 MHz amakhala wa mamita 10.

Oyenda m'mapiri ambiri amakonda waya mmodzi wa mamita 20 wolumikizidwa chakumapeto kudzera m'kabokosi kakang'ono kogwirizanitsa waya ndi wailesi. Waya yemweyo amagwira ntchito pa mamita 40, 20, 15 ndi 10, ndipo amafuna mtengo umodzi wokha. Amamanga kamwala ku chingwe, kuponya pa nthambi, n'kukoka wayayo kuti akwere. Asanayambe kuyitana, amayesa kaye ngati mphamvu ikutuluka yonse kapena ina ikubwerera m'wailesi, chifukwa ikamabwerera yambiri imatha kuononga chipangizocho.

Nkhani ya batire njosavuta kuwerengera. Wailesi ngati FT-817 imakoka pafupifupi theka la ampeya pomvetsera ndi maampeya 2 potumiza. Ngati pa ola limodzi munthu walankhula mphindi 15 n'kumvetsera mphindi 45, wadya mphamvu yochepera pang'ono 1 Ah. Batire la 12 V lolembedwa 7 Ah, lomwe limapezeka m'masitolo a zida za sola, lingamufikitse maola pafupifupi 4 ngati salipsinja kupitirira theka, monga momwe mabatire a mtovu amafunira. Mabatire a lithium amapepuka ndipo amalola kugwiritsa ntchito mphamvu yawo pafupifupi yonse. Sola yopindika ya mawati 20 kapena 30 imakwanira kubwezeretsa mphamvuyi tsiku la dzuwa.

Kayitanidwe kalinso ndi dongosolo lake. Munthu amayamba wamvetsera kuti aone ngati malowo alibe ena, kenaka amayitana ndi zilembo za CQ, kutanthauza kuti aliyense womva ayankhe, n'kutchula dzina lake la pa wailesi. Akayankhidwa, awiriwo amauzana mmene akumvanirana, komwe ali ndi zipangizo zomwe akugwiritsa ntchito, n'kutsanzikana ndi nambala ya 73, yomwe ndi mafuno abwino. Zonse zimalembedwa m'buku: tsiku, nthawi, mafunde ndi dzina la siteshoni inayo. Nthawi imalembedwa mu UTC, yomwe imatsalira ndi maola awiri pa nthawi ya ku Malawi.

Kunja kuli mapulogalamu olimbikitsa ntchito ya panjayi. Summits on the Air idayamba ku Britain mu Malichi 2002 ndipo imapereka mapointi kwa okwera mapiri ndi wailesi zawo, pamene Parks on the Air idakula kuchokera ku mwambo wa mu 2016 wa m'malo osungira zachilengedwe a ku America.

Zomwe lamulo likunena

M'dziko muno mafunde onse a wailesi amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Communications Regulatory Authority, MACRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 1998. Lamuloli lidalowedwa m'malo ndi lina la mu 2016. Kutumiza mauthenga pa wailesi popanda chiphaso cha MACRA ndi mlandu, ndipo kuchepa kwa mphamvu ya wailesi sikuchotsa udindo wotenga chiphasocho.

Aliyense wopatsidwa chiphaso amalandira dzina la pa wailesi, lomwe ndi zilembo ndi manambala. Maina a ku Malawi amayamba ndi 7Q. Nthawi ya Nyasaland, ufulu wa mu 1964 usanabwere, ankayamba ndi ZD6. A ku Zambia amayamba ndi 9J, a ku Mozambique C9, a ku Tanzania 5H, a ku Zimbabwe Z2 ndipo ambiri a ku South Africa ZS. Mlendo yemwe ali ndi chiphaso cha kwawo ayenera kupeza chilolezo cha MACRA asanatumize uthenga uliwonse ali kuno.

Chiphaso cha Malawi chimathera m'malire a Malawi. Mfundoyi njofunika ku Jenda, ku Mqocha ndi m'midzi ina yomwe malire ndi Zambia amadutsa pafupi, chifukwa wodutsa tsidya linalo amakhala pansi pa bungwe la ZICTA la dzikolo.

Gawo 25 la malamulo a ITU limanena kuti boma lililonse liyenera kutsimikiza luso la munthu lisanamupatse chiphaso, kuti siteshoni izitchula dzina lake pafupipafupi, ndiponso kuti mauthenga opita kunja asabisidwe tanthauzo lake. Izi zikutanthauza kuti chilichonse cholankhulidwa pa wailesiyi aliyense wokhala ndi wailesi yomvera mafunde afupiafupi atha kuchimva. Zizindikiro za Morse ndi zidule monga QRP si zachinsinsi, pakuti matanthauzo ake ali m'mabuku opezeka kwa aliyense. Kuyambira mu 2003, ITU idasiyira maboma ufulu wosankha ngati mayeso a Morse akhale okakamiza kapena ayi.

Chilolezo cha malo ndi chitetezo

Chiphaso cha MACRA chimaloleza kugwiritsa ntchito mafunde, osati malo a eni. Wofuna kukagwirira ntchito m'nkhalango yotetezedwa monga Perekezi ayenera kuonana kaye ndi a nthambi ya zankhalango, ndipo ku Chikangawa aonanenso ndi omwe akuyang'anira gawo lomwe akufunalo. Pa malo a makolo, ulemu ndi kuyamba wafika kwa nyakwawa, m'madera a Inkosi Mzukuzuku, Inkosi Mabulabo, Inkosi Mzikubola, Inkosi Khosolo ndi ena omwe ali pansi pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Phiri la Hora, komwe Angoni amachitira mwambo wa Umthetho mu Ogasiti, ndi malo a mbiri ya mtundu ndipo sayenera kufikidwa mwachisawawa. Kufotokozera anthu a pamudzi ntchito ya waya wopachikidwa mu mtengo kumapewetsa mphekesera, zomwe zikafala zimatha kuika moyo wa mlendo pachiswe.

Ngozi zazikulu pa ntchitoyi ndi zitatu. Yoyamba ndi mphenzi, maka m'nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo. Bingu likangomveka, waya achotsedwe ku wailesi ndipo anthu atsike pa phiri. Yachiwiri ndi mawaya a ESCOM: chingwe chisaponyedwe mu mtengo womwe uli pafupi nawo. Yachitatu ndi moto wolusa m'miyezi ya chilimwe, womwe wakhala ukusakaza mitengo yambiri ku Chikangawa. Batire likagundanitsa mawaya limatha kuyatsa udzu wouma, choncho chingwe chake chikhale ndi fyuzi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mapiri a Viphya amazizira ndipo nkhungu imatha kutseka njira mwadzidzidzi.

Phindu lake pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi

Dziko lino laona kale zomwe zimachitika njira zofalitsira mauthenga zikaduka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kum'mwera, n'kudula misewu ndi magetsi. Ku Mozambique, namondwe wa Idai adasiya mzinda wa Beira wopanda lamya mu Malichi 2019. Nsanja ya lamya imadalira magetsi, mafuta a jenereta ndi msewu woti mafutawo adutsemo. Chimodzi chikasowa, nsanjayo imazima.

Wailesi ya mawati 5 sidalira chilichonse mwa izi. Mu Disembala 2004, madzi osefukira a tsunami atakantha zilumba za Andaman ku India, gulu la ma amateur lomwe lidapita ku Port Blair kukachita masewero a wailesi lidasandutsa masiteshoni ake kukhala njira yotumizira mauthenga a chithandizo ku India. Malamulo a ITU, monga momwe adakonzedwera mu 2003, amalimbikitsa maboma kulola ma amateur kukonzekera ndi kuthandiza pa nthawi zotere, ndipo amalola kutumiza kunja mauthenga a anthu ena pakagwa ngozi.

Komabe chipangizochi chili ndi malire. Sichingalowe m'malo mwa lamya kapena mawailesi a nthambi zachitetezo. Chimanyamula mauthenga ochepa, chimadalira nyengo ya m'mlengalenga, ndipo sichisunga chinsinsi, kotero kuti maina a odwala ndi nkhani za ndalama siziyenera kudutsirapo. Koposa zonse, chimafuna munthu wozolowera. Yemwe amapachika waya ndi kuyitana mwezi ndi mwezi ndi amene angathe kutero usiku, mvula ikugwa, mlatho utakokoloka. Apa ndi pomwe masewero a panja amasanduka maphunziro a phindu ku dziko.

Makomiti oona za ngozi a khonsolo ya M'mbelwa, mogwirizana ndi nthambi ya DoDMA, atha kupindula podziwa anthu a ziphaso omwe ali m'dera lawo, zipangizo zomwe ali nazo ndi malo monga zipatala za kumidzi komwe siteshoni ingaikidwe msanga.

Zoyenera kuona mdindo akakumana ndi siteshoni ya panja

Mdindo yemwe wapeza munthu akugwiritsa ntchito wailesi yotere ali ndi ufulu wofunsa chiphaso cha MACRA ndi chitupa cha munthuyo, n'kuona ngati maina akugwirizana ndiponso ngati chiphasocho sichidathe nthawi. Aonenso ngati dzina lomwe likutchulidwa pa wailesi ndi lomwe lalembedwa pa chiphaso, ngati nambala yooneka pa wailesi ili m'zigawo za ma amateur, komanso ngati eni malo adapereka chilolezo. Buku lolembamo mauthenga limasonyeza poyera omwe munthuyo walankhula nawo ndi nthawi yake.

Pakakhala chikaiko, njira yoyenera ndi kufunsa ku MACRA, yomwe imasunga kaundula wa ziphaso zonse. Zonse zikakhala m'malo mwake, munthuyo akuchita ntchito yovomerezeka ndi malamulo a dziko lino ndi a maiko onse, ndipo ayenera kuloledwa kupitiriza.

Ma amateur a pa dziko lonse amakumbukira tsiku lawo pa 18 Epulo chaka chilichonse, tsiku lomwe bungwe lawo la International Amateur Radio Union lidakhazikitsidwa mumzinda wa Paris mu 1925.